Magiredi atsika, ndikufuna kusintha kosi, koma mtima udakali pa udokotala: Mafunso ndi mayankho

Mafunso awa amachuluka zotsatira za semesita zikangotuluka. Ambiri owafunsa ndi ophunzira a chaka choyamba ndi chachiwiri omwe ankafuna MBBS, digiri ya udokotala, koma anasankhidwira kosi ina, kapena analowa kosi ya sayansi poganiza kuti adzaolokera ku udokotala, ndiye Chemistry ndi Masamu zawakanika. Mayankho ambiri akukhudza Malawi. Za Zambia, South Africa, Britain ndi America zalowa pomwe zikufunika.

Ndikasintha kosi, magiredi oipawa afafanizika?

Ayi. Tiyambire pomwepa chifukwa mapulani ambiri olakwika amachokera pa chiyembekezo chimenechi. Transcript, pepala la magiredi anu, imasunga zonse: phunziro lomwe munalephera, supp (mayeso obwereza mutalephera) yomwe munalemba, chaka chomwe munabwereza. Mukasintha kosi mkati mwa yunivesite yomweyo, fayilo yanu imangosamuka ofesi. Mukapita kusukulu ina, akakuuzani kuti mubweretse transcript ya komwe mwachokera.

Chomwe kusintha kosi kungachite ndi kuimitsa kutsikako, ndipo apa nkhani yagona pa nthawi. Tiyerekeze kuti sukulu yanu imawerengera GPA, avereji ya magiredi anu onse, mpaka 4.0, digiri ndi ya masemesita 8, ndipo masemesita onse ali ndi mphamvu zofanana. Mukawononga semesita imodzi yokha ndi 2.0, kenako 7 otsalawo n'kumapeza 3.6, mumaliza ndi 3.4. Koma mukaumirira zaka 2 zathunthu pa 2.0, ngakhale mudzakhoze 3.6 zaka 2 zomalizazo, mumaliza ndi 2.8. Khama la kumapeto ndi lofanana, koma mmodzi ali ndi pepala loti anthu n'kuliyang'ana kawiri, winayo ayi. Mayunivesite ena amapereka mphamvu zambiri ku zaka zomaliza akamawerengera ngati digiri ili ya distinction, credit kapena pass, choncho tsegulani buku la malamulo a sukulu yanu muwerengere nokha ndi cholembera.

Pali ena amaganiza zobisa, n'kulembetsa kwina ngati angochoka kumene ku Folomu 4. Musayese. Kunama pa fomu n'kokwanira kuti munthu achotsedwe ngakhale ali chaka chomaliza, ndipo udokotala ndi ntchito yomwe munthu saigwira asanalembetsedwe ndi Medical Council of Malawi. Mbiri ya chinyengo imalemera kuposa mbiri ya supp.

Koma pa intaneti akuti kosi iliyonse ndi yabwino, udokotala ndidzaupeza kutsogolo. Akunama?

Sakunama, koma akunena za ku America, ndipo ambiri satchula n'komwe kuti akunena za kwawo.

Kumeneko munthu salowa sukulu ya udokotala akangomaliza sekondale. Amayamba watenga digiri ya zaka 4, ya chilichonse, ngakhale ya nyimbo kapena mbiri yakale, bola m'katimo akhoze maphunziro omwe masukulu a udokotala amafuna: Biology, General Chemistry, Organic Chemistry, Physics, ndipo kawirikawiri Biochemistry, Masamu ndi Chingerezi. Akatero amalemba mayeso a MCAT, omwe malikisi ake amayambira pa 472 kulekezera pa 528, n'kufunsira malo a zaka zina 4 za MD kapena DO, madigiri a udokotala a kumeneko. N'chifukwa chake kwa iwo kusintha kosi si nkhani yoopsa. Wophunzira yemwe engineering yamulemera atha kupita ku Psychology, n'kumatenga masayansiwo pambali.

Ngakhale komweko magiredi oipa sathawika. AMCAS, njira yomwe masukulu ambiri a MD amalandirira mafomu, imawerengera padera GPA ya Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu, ndiye munthu sangabise kufooka kwa sayansi kuseri kwa ma A a maphunziro ena. Ukabwereza phunziro, imawerengera giredi yakale ndi yatsopano yomwe. AACOMAS, ya masukulu a DO, inkalola kuti giredi yatsopano ilowe m'malo mwa yakale, koma inasiya zimenezi mu 2017. Omwe amatengedwa m'masukulu a MD, GPA yawo yapakatikati imakhala cha m'ma 3.7 kupita m'mwamba. Amene anayamba moipa amakonza mbiri yawo kudzera m'mapulogalamu a post-baccalaureate, omwe ndi chaka kapena zaka 2 za sayansi zowonjezera atamaliza digiri.

Ngati muli ku America pa visa ya wophunzira, dziwaninso kuti masukulu a udokotala omwe amalandira anthu osakhala nzika kapena opanda green card (chilolezo chokhazikika m'dzikomo) ndi ochepa, ngongole za boma la kumeneko simungazipeze, ndipo ena amafuna muonetse ndalama za fizi musanayambe.

Kuno dongosolo ndi lina. Khomo lalikulu la udokotala lili kumayambiriro, pa MSCE, ndipo makomo olowera pambuyo pake ndi ang'onoang'ono.

Ndiye kuno khomolo lili pati kwenikweni?

Madokotala a MBBS m'dziko muno akhala akuphunzitsidwa ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe inatsegulidwa mu 1991 pansi pa University of Malawi. Mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS.

Wolowa ndi MSCE amadutsa pa chisankho chomwe National Council for Higher Education, NCHE, imayendetsa m'malo mwa mayunivesite a boma. Pamafunika makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma uko n'kungololedwa kulowa mu mpikisano. Pa MBBS ambiri osankhidwa amakhala ndi 1 ndi 2 pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Akalowa amayamba ndi chaka cha foundation, kenako zaka 5 za MBBS: zoyambirira za Anatomy, Physiology, Biochemistry ndi zina zotere, zotsatira za m'mawodi monga a ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Kamuzu Central Hospital, osaiwala za umoyo wa m'madera ku Mangochi. Akamaliza pamabwera internship ya miyezi 18 asanalembetsedwe mokwanira.

Makomo ena ndi a anthu a A-Level omwe anakhoza bwino masayansi, ndi a omwe ali kale ndi digiri ya sayansi. Magiredi omwe akufunika pa makomo amenewa amalembedwa m'chilengezo cha KUHeS cha chaka chimenecho. Chilengezocho ndicho lamulo. Zomwe ananena mnzanu wa chaka chachitatu, kapena zomwe zinkachitika zaka 5 zapitazo, sizingakutetezeni fomu yanu ikakanidwa.

Ndili kale ku UNIMA, MUST, MZUNI kapena LUANAR. Sangangondisamutsira ku KUHeS?

Akuluakulu ena angakuuzeni kuti kale anthu ankachita sayansi zaka 2 ku Chancellor College (Chanco) ku Zomba kenako n'kupita ku udokotala. Akunena zoona, umo ndi momwe madokotala athu ambiri oyambirira anadutsira. Koma nthawi imeneyo Chanco ndi College of Medicine zinali nthambi za yunivesite imodzi. Lero ndi mayunivesite awiri, aliyense ndi senate yake (bungwe logamula za maphunziro) ndi malamulo ake. Kuchoka ku Zomba kupita ku KUHeS sikulinso kusintha kosi, ndi kufunsira malo kusukulu ina.

Ndipo ngakhale pomwe kusamuka kumaloledwa, amasamutsa munthu yemwe akukhoza, pamene pali malo. Palibe dean yemwe amatenga wophunzira wa ma supp ku Chemistry n'kumulowetsa m'kalasi yomwe anthu a mapointi 8 anasiyidwa panja. Izi n'zowawa kumva, koma kuli bwino muzimve pano kusiyana n'kudikira kalata chaka chonse mukujomba m'kalasi.

Ndili pafupi kuwididwa (kuchotsedwa chifukwa cholephera maphunziro). Ndichoke ndekha kapena ndidikire zomwe senate inene?

Funso ili n'lofunika changu kuposa ena onse patsamba lino. Zilengezo za malo m'mayunivesite a boma kawirikawiri zimakhala ndi mzere wonena kuti omwe anachotsedwa chifukwa cholephera maphunziro saloledwa kufunsiranso. Kuwididwa kumatseka makomo omwe giredi yotsika payokha siitseka.

Choncho ngati zinthu zafika pothina, pitani kwa mkulu wa dipatimenti ndi kwa dean of students mayeso asanafike. Ngati chomwe chakugwetsani ndi matenda, maliro kapena kusowa fizi, malamulo a masukulu ambiri amalola kuimitsa kaye maphunziro, malo anu n'kusungidwa. Koma amafuna umboni, ndipo amaufuna pa nthawi yake: kalata ya kuchipatala, kalata yanu yopempha, yokhala ndi deti. Munthu wobwera ndi buku la kuchipatala zotsatira zitatuluka kale amamvedwa movutikira, ngakhale atadwaladi.

Kungosowa osalemba kalata ndiye choipitsitsa. M'mabuku mumalembedwa kuti munalephera mapepala onse.

Ndisinthire ku kosi iti: ya Biology kuti ndikhale pafupi ndi udokotala, kapena yophweka kuti GPA ikwere?

Musanayankhe limeneli, yankhani lina: n'chiyani chinatsitsa magiredi? Ambiri amalidumpha, n'kusintha kosi atanyamula vuto lomwelo.

Yalani transcript patebulo muiyang'ane phunziro ndi phunziro. Ngati zonse zinatsika pamodzi, Biology, Chemistry, ngakhale phunziro la luso lolemba lomwe anzanu ankalitenga ngati lopumira, vuto silili pa kosi. Funsani za moyo womwe munkakhala. Mwina ndalama ya upkeep inkachedwa ndipo munkalowa labu ya masana musanalawe kanthu. Mwina munkagona anayi m'chipinda chimodzi ku Chikanda, magetsi akathima kuwerenga kwathera pomwepo. Mwina munkagulitsa kaunjika kapena kuphunzitsa ana a Folomu 4 kuti mupeze ya lendi. Mwina ndi chibwenzi, mowa kapena kubetcha mpira pa foni. Kosi yatsopano sichiza chilichonse mwa izi.

Ngati continuous assessment inali bwino koma mumagwa pa mayeso omaliza, kapena mumakhoza Biology n'kumagwa Chemistry ndi Physics, vuto nthawi zambiri ndi kawerengedwe. Ambiri tinakhoza MSCE poloweza manotsi ndi kubwereza mapepala a zaka zam'mbuyo mpaka mafunso kuwadziwa pamtima. Pepala la Organic Chemistry silitero. Limakupatsani molekyulu yomwe simunaionepo n'kufunsa chomwe chichitike ikakumana ndi asidi, ndiponso chifukwa chake. Wowerenga manotsi kasanu amagwa, wosova mafunso 10 tsiku lililonse ndi pensulo, buku litatsekedwa, amadutsa. Vuto limeneli limakonzeka m'semesita imodzi, ndipo silifuna kusintha kosi.

Pali gulu lachitatu: munayesetsa, munkadya, munkagona bwino, munasintha kawerengedwe, koma sayansi simukuimva ndipo simukuikonda. Apa dzifunseni moona mtima za udokotala womwewo. Biochemistry, Physiology ndi Pharmacology zikukudikirani kutsogoloko, zochuluka komanso zothamanga kuposa zomwe zakugwetsanizi. Masamu nawo sathera pa mayeso. Mwana wa makilogalamu 12 akufunika paracetamol wa 15 mg pa kilogalamu iliyonse: ndi 180 mg, ndiye muwerengerenso kuti ndi mamililita angati a mankhwala amadzi omwe ali m'botolo, usiku, mayi ake akukuyang'anani, ana ena ali pamzere.

Tsopano ku funso lanu. Ngati cholinga ndi kudzalowa MBBS ndi digiri, digiriyo iyenera kukhala ya sayansi yomwe chilengezo chimavomereza, ndipo ikhale yokhoza bwino. Kosi "yophweka" ya kunja kwa sayansi ingakweze GPA, koma kuno ingakuchotseni pamzere womwe mukufuna kuimapo. Komanso musalowe kosi yomwe simungakonde kuigwirira ntchito udokotala ukakanika. Malo a olowa ndi digiri ndi ochepa. Digiri ya Medical Microbiology, Biomedical Sciences kapena Education Science yomwe mwaikhoza ndi credit ili ndi njira zake za ntchito ndi za masters. Ya pass yomwe munangoipirira podikira MBBS ikusiyani pakati.

Bwanji ndingolembanso MSCE, kapena ndichite A-Level?

Kubwereza MSCE kumathandiza munthu yemwe sanalowe yunivesite, yemwe anaphonya pang'ono, monga yemwe ali ndi 1 ndi 2 pena ponse koma Physics inamupatsa 5. Kwa yemwe ali kale mu yunivesite ya boma nkhani ndi ina. Chisankho cha NCHE chinakonzedwera ongomaliza kumene sekondale, chimatchula zaka za MSCE zomwe zikuloledwa ndiponso kuti munthu angaphatikize mayeso a maulendo angati. Werengani ndime ya osaloledwa musanataye malo omwe muli nawo. Kusiya chaka chachiwiri cha digiri kuti mukakhale pa desiki ya Folomu 4, kenako n'kumva kuti simukuloledwa kufunsira, ndi ngozi yomwe ingapeweke powerenga tsamba limodzi.

A-Level ndi njira yeniyeni koma yodula. Imatenga zaka 2, ndipo masukulu ophunzitsa monga Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi St Andrew's ku Blantyre fizi yake si ya banja wamba. Kulemba pawekha n'kotheka, koma Chemistry, Biology ndi Physics zimafuna labu. Ubwino wake ndi wakuti A-Level yokhoza bwino imadziwika m'mayiko ambiri. Kuipa kwake, Chemistry ya A-Level siyosiyana kwenikweni ndi ya chaka choyamba yomwe yakuvutaniyo.

Anthu akundiuza za clinical medicine. Kodi si kungogonja kumeneko?

Amene amalankhula choncho sanagonepo pachipatala cha boma cha kuboma. Dziko lino linayamba kuphunzitsa ma clinical officer, omwe amaphunzira clinical medicine, mu 1976, ndipo mpaka lero ndiwo amanyamula gawo lalikulu la ntchito m'zipatala za m'maboma ndi za mishoni: kuona odwala, kuyendera mawodi, kuchita maopaleshoni a amayi olephera kubereka bwinobwino. Dipuloma yake ndi ya zaka 3, kuwonjezapo chaka cha internship, ndipo amalembetsedwa ndi Medical Council yomweyo. Imaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences komanso m'makoleji ena a mipingo monga Malamulo ku Makwasa.

Kwa munthu yemwe chomwe amafuna ndi kugwira odwala, njira imeneyi imamufikitsa pa bedi la wodwala msanga kuposa kuzungulira ndi digiri ya zaka 4 kenako MBBS. Ndipo siithera pa dipuloma. College of Medicine inayambitsa madigiri a ma clinical officer m'magawo monga maopaleshoni, matenda a ana, matenda a akuluakulu ndi uchembere, omwe munthu amalowa atagwirapo ntchito.

Koma tisanamizane. Clinical officer si dokotala wa MBBS. Malipiro ndi osiyana, makwerero a pantchito ndi osiyana, ndipo mayiko ambiri a kunja kwa chigawo chino alibe udindo wofanana nawo woti mungakalowemo mwachindunji. Ngati mukulowa ndi mtima woti ndi pongodutsira, mudzakhala wowawidwa zaka zonse, ndipo odwala amazindikira. Musanaganize, pemphani kwa akuluakulu a chipatala cha kwanu kuti mukhale nawo masiku angapo pa tchuthi. Mukaone mzere wa Lolemba m'mawa ku OPD (komwe amaonera odwala osagonekedwa), fungo la wodi ya zilonda, ndi momwe wachibale amauzidwira kuti wodwala wawo watisiya. Ena amatulukamo atatsimikiza mtima. Ena amatulukamo atazindikira kuti ankakonda dzina, osati ntchito, ndipo kuzindikira kumeneko n'kotsika mtengo kukachitika pa tchuthi kusiyana ndi chaka chachinayi.

Kupatula izi, za umoyo zina ndi ziti?

Pharmacy, Physiotherapy, Medical Laboratory Sciences, unamwino ndi uzamba, zakadyedwe, umoyo wa anthu ndi wa malo okhala, Optometry ku MZUNI, ndi udokotala wa mano womwe unayamba kuphunzitsidwa ku College of Medicine mu 2019. Musazitenge ngati zophweka kulowa. Pharmacy ndi mano mpikisano wake ndi woopsa ndithu.

Nanga kunja? Akuti ku Zambia, ku China kapena ku Russia amatenga aliyense.

Mawu oti "aliyense" ndiwo ayenera kukuchititsani mantha.

Ku University of Zambia njira yodziwika ndi yolowa ku School of Natural Sciences, kenako zotsatira za chaka choyamba ndizo zimagamula amene apite ku udokotala ku Ridgeway ndi amene apite kwina. Anzathu a ku Chipata ndi ku Lusaka amalidziwa bwino vutoli: chaka chimodzi choipa chimasintha njira yonse. Kulinso sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola, Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka, ndi masukulu angapo omwe si a boma, komwe kulowa kumapepukirapo koma fizi imalemera.

Ku South Africa, University of the Witwatersrand ku Johannesburg ili ndi pulogalamu yolowetsa omwe ali kale ndi digiri m'chaka chachitatu cha udokotala. Mpikisano wake ndi waukulu, ndipo malo a anthu ochokera kunja ndi ochepa kwambiri. Ku Britain kuli mapulogalamu a zaka 4 a omwe ali ndi digiri, ambiri amafuna digiri ya 2:1 (gulu lachiwiri kuchokera pamwamba) ndi mayeso olowera a UCAT kapena GAMSAT. Konseku transcript yanu yakale imapita nanu.

Masukulu a ku China, Russia ndi mayiko ena alipo abwino ndi oipa. Musanalipire agenti ngakhale tambala, chitani zinthu zitatu. Onani ngati sukuluyo ili mu World Directory of Medical Schools. Lemberani Medical Council of Malawi muwafunse ngati amaivomereza, komanso zomwe wophunzira kunja amayenera kudutsamo akabwerera asanaloledwe kugwira ntchito. Ndipo funsani chilankhulo cha m'mawodi. Maphunziro atha kukhala a m'Chingerezi, koma wodwala wa ku Russia amadandaula m'Chirasha, ndipo wophunzira wosamva amathera zaka za kuchipatala ataima kumbuyo kwa gulu. Werengeraninso ndalama za zaka 6 zonse m'madola, osati za chaka choyamba chokha. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tsiku limodzi, ndipo mabanja omwe ankalipira fizi kunja anadzuka ngongole itakula usiku womwewo.

Ngongole ya Loans Board idzatani ndikasintha?

Zomwe munabwereka kale ku Higher Education Students' Loans and Grants Board ndi ngongole ndithu, mudzabweza ngakhale kosiyo simunaimalize. Mukasintha kosi n'kubwerera chaka choyamba, zaka zowonjezerazo zikufunika wolipira. Funsani ku ofesi yoona za ngongolezi pasukulu panu musanasainire, ndipo ngati pali bungwe kapena mpingo womwe umakulipirirani, auzeni musanasinthe. Ambiri amalipira kosi yomwe anagwirizana nanu, osati iliyonse.

Kodi sindinachedwe?

Werengerani. Digiri zaka 4, MBBS zaka 5 kapena 6, internship chaka ndi theka. Wolowa yunivesite ndi zaka 19 adzayamba kugwira ntchito payekha ali ndi zaka pafupifupi 30. Ku udokotala msinkhu umenewo si ukalamba. Funso lenileni ndi lakuti ndani adzakudyetsani zaka zonsezo, ndipo azing'ono anu omwe akudikira kuti muwalipirire sukulu adzadikira mpaka liti. Ena amayamba agwira ntchito ndi digiri yoyambayo, n'kudzabwerera atasunga kangachepe.

Kunyumba anayamba kale kunditchula kuti adokotala. Ndiwauze bwanji?

Auzeni msanga, ndipo amve kwa inu, osati kwa mwana wa aneba yemwe muli naye kalasi imodzi. Ngati amalipira fizi ndi amalume kapena achemwali a ku Joni, iwowo ndiwo oyamba kumva, chifukwa ndalama ndi yawo.

Musapite ndi misozi yokha, ndipo musapite ndi chiganizo chomaliza ngati mukungowadziwitsa. Pitani ndi pepala la zotsatira ndi njira ziwiri zomwe mwazifufuza kale. Mawu ake atha kukhala otere: "Amalume, zotsatira zatuluka ndipo sizili bwino. Chemistry ndalephera, ndili ndi supp mwezi wamawa. Ndakaonana ndi a dipatimenti. Akuti ndikapitiriza chonchi nditha kuchotsedwa. Pali njira ziwiri zomwe ndapeza, ndimati ndikufotokozereni mundithandize nzeru." Munthu wamkulu akafunsidwa nzeru amakwiya pang'ono kusiyana ndi akangouzidwa. Adzakhumudwa ndithu, mwina masiku angapo foni osayankha. Zimenezo zimapola msanga kuposa bodza la zaka 2 lodzaululika tsiku lomwe anzanu akuvala magauni.

Chilephereni sindikugona, sindikufuna kuonana ndi anthu, nthawi zina ndimaganiza zoipa.

Izi zisadikire nkhani ya kosi. Uzani munthu lero: mlangizi wa pasukulu, dean of students, abusa kapena shehe, mnzanu wodalirika, kapena pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza pa za umoyo wa m'maganizo. Kuvutika maganizo kumatsitsa magiredi, ndipo kukachizidwa ndi kulembedwa ndi achipatala, kumakhalanso umboni womwe sukulu ingaulandire poimitsa kaye maphunziro anu.

Ndaganiza zosintha. Ndiyambire ofesi iti, ndinyamule chiyani?

Yambani ndi mkulu wa dipatimenti yomwe mulimo, kenako wa yomwe mukufuna kupitako, kenako ofesi ya registrar, chifukwa ndiyo imatulutsa kalata. Nyamulani transcript, satifiketi ya MSCE, ndi kalata yachidule yofotokoza chifukwa chake. M'kalatamo musalembe kuti mukuthawa kosi yovuta. Onetsani maphunziro omwe munakhoza omwe akugwirizana ndi komwe mukupita, ndi chomwe chasintha pa vuto lomwe linakugwetsani.

Safunsa anadya phula, ndiye funsani zonse muli pomwepo. Kodi nthawi yopempha kusintha imatseka liti, popeza m'masukulu ambiri ndi masabata oyambirira a chaka? Ndi maphunziro ati omwe ndinakhoza kale omwe awerengedwe, ndipo ndiyambira chaka chiti? Magiredi akale alowa m'kawerengedwe ka digiri yatsopanoyo? Supp yomwe yatsala ndilembe kaye? Ngati cholinga chikadali MBBS, tumizaninso funso ku ofesi yolandira ophunzira ya KUHeS, mutchule dzina lenileni la digiri yomwe mukufuna kulowayo, muwafunse ngati ili m'gulu la zomwe amalandira ndiponso pa giredi yanji.

Yankho lililonse lipempheni polemba, kaya pa imelo kaya pa kalata yodinda. Ndipo mpaka kalata ya registrar itatuluka, ndinu wophunzira wa kosi yakaleyo: pitirizani kulowa m'kalasi, kupereka ma assignment ndi kulemba mayeso ake, chifukwa pempho likakanidwa, magiredi a semesita imeneyo alowa pa transcript yomweyo.